Malita 5,400 osowa tsiku lililonse: lipoti la ntchito pa loji ina ku Chipata

Loji yomwe tikunena pano ili kumunsi kwa tawuni ya Chipata, kummawa kwa Zambia, m'chigwa chomwe mapiri azungulira. Ili ndi zipinda zogona 14, chilichonse ndi chimbudzi ndi shawa yake, khitchini, pochapira, holo yaing'ono ya misonkhano, nyumba ya antchito, ndi kapinga wokwana masikweya mita 600. Madzi imatenga ku paipi ya kampani ya madzi. Akadutsa pa mita amalowa mu thanki yapansi ya malita 10,000, pampu imawakweza mu thanki ya malita 5,000 yomwe ili pa nsanja yotalika mamita 6, kenaka amatsika okha m'mapaipi a nyumba yonse. Kamangidwe kotere ndi kofala m'maloji, m'masukulu ndi m'nyumba zazikulu kuno kummawa, n'chifukwa chake nkhaniyi yalembedwa mwatsatanetsatane.

Chaka cha 2024 mvula inadula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku. Chizindikiro choyamba cha vuto la madzi pa lojiyi chinaoneka pa thanki yam'mwamba. Kale ikadzaza inkafika pafupifupi tsiku lathunthu, koma tsopano inkauma alendo asanamalize kusamba m'mawa. Onse anati ndi magetsi, pampu sikupeza mpata wokweza madzi. Kenaka bilu ya Ogasiti inabwera ndi makiyubiki mita 310 (kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000), pomwe mwezi womwewo chaka cha 2023 inali pafupi ndi 150, alendo ali chimodzimodzi.

Ife okonza mapaipi a madzi tinaitanidwa mu Sepitembala. Amayi omwe amayang'anira malowa anali ataweruza kale. "Bambo, mita iyi ikutibera, ndipo a m'munda aja amathirira ngati madzi ndi aulere. Abwana akuti tingobowola borehole tithane nazo." Mtengo wa kampani yobowola unali kale pa tebulo. Tinapempha kuti chilichonse chiyambe chaima mpaka titayeza.

Kodi malowa ayenera kudya madzi ochuluka bwanji?

Ntchito inayambira pa buku la alendo, osati pa sipanala. Pa usiku umodzi pankagona alendo pafupifupi 11. Mlendo wa pa loji yotere, kusamba, chimbudzi ndi kusukusula, timamuwerengera malita 150, ndiye onse pamodzi 1,650. Khitchini tinaiika pa 500, pochapira 600, antchito 8 pa malita 50 aliyense 400. Hozi ya m'munda tinaiyeza ndi ndowa ndi wotchi: malita 15 pa mphindi, ndipo inkatsegulidwa pafupifupi maola awiri pa tsiku, omwe ndi malita 1,800. Zonse pamodzi 4,950 pa tsiku, pa mwezi pafupi ndi makiyubiki 150, ndendende bilu yakale ija. Bilu yatsopano imatanthauza malita opitirira 10,300 pa tsiku. Ndiye panali malita pafupifupi 5,400 omwe palibe ankawasamba, kuwaphikira kapena kuwathirira. Popanda nambala imeneyi munthu akapeza mpopi umodzi wodontha amasangalala n'kunyamula zida, pomwe wangopeza kachigawo kochepa ka vutolo.

Mita tinathana nayo msanga. Tinatseka madzi opita ku thanki, n'kudzaza diramu ya malita 200 pa mpopi woyandikana ndi mita. Manambala akuda amawerenga makiyubiki, ofiira amawerenga malita, ndipo ofiirawo anayenda 203. Mita yotero ilibe mlandu. Nkhani ya mpweya ndi yoona: madzi akapita n'kubweranso, mpweya wotsala m'mapaipi umazunguza mita. Tinadikira nthawi yomwe madzi amabwera, mita inathamanga kanthawi kochepa n'kuwerenga malita osapitirira 50. Poyerekeza ndi 5,400, si pomwe panali vuto.

Apa pali msampha womwe ambiri a ntchito yathu amagweramo. Malangizo ozolowereka amati tsekani mipopi yonse, werengani mita usiku, muwerengenso m'mawa. Pa nyumba ya mathanki njira imeneyi imanama, chifukwa mita imayenda nthawi iliyonse thanki yapansi ikudzaza, kaya pali podontha kaya palibe, ndipo imaima madzi a kampani akapita ngakhale m'nyumba mukudontha paliponse. Malo otere muyenera kuwadula patatu: kuyambira pa mita kukafika pa thanki yapansi, thankiyo payokha, ndi chilichonse chomwe chimamwa ku thanki yam'mwamba. Chigawo chilichonse chili ndi kayezedwe kake.

Chigawo choyamba: tinatseka valavu yolowera mu thanki yapansi madzi a kampani alipo, n'kuyang'ana mita kwa ola limodzi. Inayenda malita 30. Madzi ankabwera pafupifupi maola 14 pa tsiku, ndiye malita 420 ankathera m'nthaka. Malo ake sanavute kupeza. Mu Sepitembala udzu wonse wa ku Chipata umakhala wouma, koma m'mbali mwa msewu wolowera magalimoto munali kamzere ka udzu wobiriwira. Sikuludiraiva yaitali, nsonga yake pa paipi ndi chogwirira pa khutu, inamveka kutsonya pafupi ndi geti. Titakumba tinapeza paipi yakale yachitsulo ya mamilimita 25 itadyedwa ndi dzimbiri pa joini, pomwe matayala amaponda. Sitinaimange ndi labala. Chitsulo chikaboola pamodzi ndiye kuti majoini ena onse ali m'njira, choncho tinachotsa mamita 38 onse n'kuika paipi yakuda ya pulasitiki, mamilimita 32, class 10, pakuya kwa masentimita 45, yogonekedwa pa mchenga, ndipo pansi pa msewu tinaidutsitsa mkati mwa paipi ina yaikulu. Kudonthaku kunali kochepa pa zonse, koma tinakukonza koyamba chifukwa cha thanzi. Madzi a kampani akapita, paipi yoboola imayamwa madzi akuda ozungulira, ndipo akabwera zonsezo zimakathera mu thanki. Dziko linali litangochoka mu mliri wa kolera womwe unayamba mu Okutobala 2023, panalibe chifukwa chodikira.

Thanki yomwe inkasefukira anthu ali mtulo

Masana thanki yapansi inkaoneka bwinobwino. Mpira woyandama wa ball valve unkakwera, madzi n'kuima. Koma titatsegula chivundikiro tinaona mzere wa ndere pamwamba kwambiri, pa msinkhu wa paipi yotayira madzi osefukira, ndipo mkati mwa paipiyo munali mwauwisi. Amene anamanga thankiyi anafuna kuti pakhale paukhondo, ndiye analowetsa paipi yosefukirayo pansi n'kukailumikiza ku ngalande ya madzi a mvula kuseri kwa mpanda. Madzi ankatuluka osaonedwa ndi munthu.

Chifukwa chomwe inkasefukira usiku wokha ndi mphamvu ya madzi. Tawuni ikagona, anthu otunga amachepa ndipo mphamvu m'mapaipi imakwera, makamaka kumadera otsika ngati kuno. Washa ya m'valavu inali itadyeka, ndiye inkatha kugwira madzi ofooka a masana koma a usiku ankaikankha. Cha m'ma 1 koloko usiku tinatchera ndowa ya malita 20 kumapeto kwa paipi kuseri kuja. Inadzaza m'mphindi 4. Amenewa ndi malita 300 pa ola, ndipo mlonda atauzidwa kuti aziona ola lililonse anapeza kuti zimachitika pafupifupi maola 5, kuyambira pakati pa usiku mpaka m'bandakucha. Malita 1,500 pa tsiku.

Tinaika ball valve yatsopano ya mkuwa yopangidwira madzi amphamvu, n'kupinda mkono wake kuti madzi aziima masentimita 10 pansi pa kamwa la paipi yosefukira. Kenaka tinadula paipi ija kuichotsa ku ngalande, n'kuilozetsa pa simenti pafupi ndi kanyumba ka mlonda, ndi kansefa ka waya kukamwa kuti udzudzu ndi abuluzi asalowe. Amayi oyang'anira sanakonde, anati paoneka pauve. Tinaumirira. Paipi yosefukira ntchito yake ndi kuulula kuti valavu yafa, ndipo ikabisidwa ntchitoyo yatha. Miyezi ingapo pambuyo pake ndi yomweyi inapulumutsa malowa.

Chigawo chachitatu ndiye chinali chachikulu. Tinasankha usiku womwe munagona alendo atatu okha, tinadzaza thanki yam'mwamba, n'kuzimitsa pampu pa switch yake kuti magetsi akabwera isadzuke. Thanki ya malita 5,000 yomwe m'lifupi mwake ndi mamita 1.8 imasunga pafupifupi malita 25 pa sentimita iliyonse. Ndodo yoyezera inaonetsa kuti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 4 koloko m'mawa madzi anatsika masentimita 26, omwe ndi malita 650. Titachotsapo 50 a zimbudzi za alendo ndi mlonda, panatsala 600, kapena kuti 150 pa ola. Kudontha kwa mbali iyi sikupuma chifukwa thanki imakankha usana ndi usiku, ndiye pa maola 24 ndi malita 3,600. Kuphatikiza ndi 420 ndi 1,500 aja tinafika pa 5,520, pafupi kwambiri ndi 5,400 omwe tinkasaka. Apa m'pomwe tinadziwa kuti palibe dzenje lina lalikulu lobisika, ndipo panalibe chifukwa chophwanya simenti m'makonde.

Chotsala chinali kudziwa kuti malita 150 pa olawo akutulukira kuti. Nyumba yonse inali ndi valavu imodzi yokha pansi pa nsanja. Tinaika mavalavu anayi a chogwirira pa nthambi zinayi: mbali ya zipinda 8, mbali ya zipinda 6, holo, ndi khitchini pamodzi ndi nyumba ya antchito. Usiku wina tinkasiya nthambi imodzi yotsegula kwa ola limodzi n'kuyeza thanki. Mbali ya zipinda 8 inadya malita 70, ya zipinda 6 inadya 25, holo 36, khitchini ndi antchito 19. Pa ola limodzi madzi amangotsika sentimita imodzi kapena zitatu, ndiye ndodo simathandiza. Tinalumikiza kapaipi koonekera mkati pa kotulukira, n'kukaimika m'mbali mwa thanki ndi tepi yoyezera kumbuyo kwake.

Zimbudzi

Pa zimbudzi 14 za m'zipinda, 6 zinkadontha, ndipo palibe wokonza m'zipinda kapena mlendo anadandaulapo, popeza madzi amatsetsereka kumbuyo kwa mbale mwakachetechete. Kuyeza kwake n'kosavuta: madontho angapo a mtundu wopaka zakudya mu kathanki ka chimbudzi, dikirani mphindi 20 osagujumula, mtundu ukaoneka m'mbale ndiye kuti chikudontha. Popanda mtundu, pukutani kumbuyo kwa mbale patapita theka la ola chigujumulireni, mumatepo pepala la tishu louma, muone ngati linyowe.

Mbali ya zipinda 6 inali ndi mathanki akale a siphon, aja a chogwirira cham'mbali. Amenewa sadontha pansi chifukwa madzi amayenera kukwera kaye asanatsike. Awiri omwe ankataya madzi vuto linali pa valavu yolowetsa, madzi ankakwera mpaka kusefukira. Mbali ya zipinda 8 ndiyo inakonzedwanso zaka zaposachedwa n'kuikidwa mathanki a mabatani awiri pamwamba. Mtundu uwu umagujumula ndi madzi ochepa, ndi zoona, koma madzi onse amagwiridwa ndi labala imodzi yozungulira pansi pa thanki. Labalayo ikangopindika kapena kamchenga kakakhala pansi pake, madzi amayenda usana ndi usiku. Zinayi zinali choncho, ndipo chimodzi chokha chinkataya malita oposa 30 pa ola. Malabala ake anali ofewa, otupa, ndipo ankasiya utoto wakuda m'zala. M'mathanki onse munali timiyala tabuluu tonunkhiritsa tomwe amaponyamo. Mankhwala a m'timiyala totere, makamaka tokhala ndi klorini, amadya labala pang'onopang'ono. Zimbudzi zogulidwa kuti zisunge madzi ndizo zinkataya kwambiri pa malo onse.

Tinasintha malabala m'zimbudzi zonse 8 za mbaliyo, osati zinayi zokha, chifukwa zinazo zinali za msinkhu umodzi ndipo zinamwa mankhwala omwewo. Pomwe labala imakhala tinatsuka ndi kansalu kokhakhala kuchotsa zokakamira, apo ayi labala yatsopano sikhala bwino. Pogula tengani yakale ku shopu, popeza kukula kwake kumasiyana ndi mamilimita ochepa ndipo yoyandikira siigwira. Mavalavu olowetsa tinawachuna kuti madzi aziima masentimita awiri pansi pa kamwa losefukira. Chimbudzi chilichonse chinalandira kavalavu kake pa khoma kuti chikavuta azitseka chokhacho.

Ku holo kunali kathanki ka malita 9 kotsukira pokodzera amuna, kamene kamadzaza pang'onopang'ono n'kudzigujumula kokha. Kankatero mphindi 15 zilizonse, kaya kuli msonkhano kaya holo ndi yokhoma: malita 36 pa ola, 864 pa tsiku. Kanalibe vuto lililonse, kankangochita zomwe anakapangira. Tinaganizira zoika mabatani odina, koma ambiri mwa iwo amafuna madzi amphamvu. Mamita 10 a kutalika amapereka pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi), ndiye nsanja ya mamita 6 imapereka 0.6 yokha. Tinangoika valavu ya chogwirira pakhomo la chimbudzicho, yotsegulidwa tsiku la msonkhano, ndipo masiku ena wosesa amatsanuliramo jagi imodzi ya madzi kuti fungo lisakwere. Njirayi imadalira kukumbukira kwa munthu, ndipo ndi yofooka pa zonse zomwe tinachita pamalopa.

Malita 19 otsala: 12 ankatuluka pa kathanki kakang'ono ka pamwamba pa giza ya sola, komwe valavu yake inali itaphikika ndi kutentha. Masana madziwo ankauma pa malata otentha asanafike pansi. Malita 7 anali a mpopi wa khitchini womwe aliyense ankauona ndi kuunena, ndipo unakonzedwa ndi washa imodzi.

Mashawa sitinawakhudze. Ndowa inaonetsa malita 7 pa mphindi, omwe ndi ochepa kale. M'sitolo ya loji munali katoni ya mitu ya shawa yosunga madzi yomwe abwana anagula ku Lusaka. Tinayesa umodzi: pa mphamvu ya 0.6 unkangodontheza, ndipo mlendo akanasamba nthawi yaitali kapena kupempha ndowa. Zipangizo zimenezi zimathandiza pa nyumba yolumikizidwa mwachindunji ku paipi yamphamvu kapena ya booster pump, pampu yowonjezera mphamvu ya madzi. Katoniyo inabwerera m'sitolo.

A m'munda analibe mlandu womwe ankanenedwa

Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Kuti kapinga akhale wobiriwira m'nyengo yotentha amafuna pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, ndiye masikweya mita 600 amafuna malita 15,000. Bambo a m'munda ankathira 12,600 pa sabata, maluwa omwe. Sankataya madzi, ankangochita kulimbana ndi kapinga wamkulu kuposa madzi omwe analipo. Cholakwika chinali nthawi ndi kathiridwe. Ankathirira masana dzuwa lili paliwombo, pang'onopang'ono paliponse tsiku lililonse, madzi n'kumangonyowetsa pamwamba, mizu osatsika. Titawafunsa chifukwa chake anayankha kuti, "Abwana, m'mawa ndimauzidwa nditsuke magalimoto a alendo ndi kusesa, hozi ndimaigwira ndikamaliza." Ndiye chofunika kusintha inali ndondomeko ya ntchito yawo.

Tinagwirizana kuti kapinga wothirira atsale masikweya mita 250 kutsogolo komwe alendo amakhala ndi kujambulirako zithunzi za ukwati. Wakumbuyo anasiyidwa kuti aume, popeza kapinga wokhazikika amaphukanso mvula ikagwa. Wotsalayo amathiriridwa kawiri pa sabata, dzuwa lisanakwere, mamilimita 12 kapena 13 ulendo uliwonse. Poyeza tinaika zitini zopanda kanthu pa kapinga pansi pa sprinkler, madzi akafika msinkhu wolembedwa amasuntha. Makina otchetchera anakwezedwa kuti udzu uzitsala wautali masentimita 5 kapena 6 n'kuphimba nthaka. M'mabedi a maluwa ndi pansi pa mitengo tinaphimbira ndi udzu wouma ndi makoko a mtedza, omwe kuno sasowa, mokhuthala masentimita 8 koma osagunda tsinde chifukwa cha chiswe. Munda unatsika kufika pa malita pafupifupi 900 pa tsiku.

Madzi otsukuluzira zovala tinawalozetsa ku nthochi ndi mapapaya kuseri, kudzera m'paipi ya mamilimita 50 yothira m'maenje osaya odzazidwa ndi zophimbira. Madzi otere sasungidwa kupitirira tsiku chifukwa amanunkha, sathiridwa pa ndiwo zodya zosaphika, ndipo a tsiku lomwe athira jiki pa nsalu zoyera amapita ku soakaway, dzenje lomwera madzi akuda, monga kale. Madzi a sinki ya khitchini tinawasiya, ali ndi mafuta.

Borehole ndi madzi a mvula

Abwana ataona manambala anafunsabe za borehole. Tinawalangiza kuti aimike kaye, pa zifukwa zitatu. Pansi pa Chipata pali thanthwe lolimba, madzi amapezeka m'ming'alu ndi m'mwala wofumbutuka, ndiye mabowo awiri oyandikana amatha kupereka mosiyana kwambiri. Chachiwiri, kubowola kuli ndi malamulo ake pansi pa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi: kudziwitsa bungweli, kugwiritsa ntchito wobowola wa laisensi ndi kulembetsa chitsimecho, komanso chiyenera kutalikirana ndi septic tank ndi soakaway, mamita osachepera 30. Pa pulotiyi malo okhawo okwanira mtunda umenewu anali pakati pa poimika magalimoto. Chachitatu ndiye chachikulu: borehole ikanathetsa bilu koma osati kudontha. Kukanakhala kutungira madzi m'dengu, pampu ikukoka malita 5,500 owonjezera tsiku lililonse pa magetsi osowa kale, ndipo popanda bilu yowadzidzimutsa palibe akanadziwa.

Za madzi a mvula abwana ankaganiza kuti athirira nawo munda chilimwe chonse. Masamu anakana. Denga lonse ndi masikweya mita 480, Chipata imalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, ndipo tikachotsa gawo limodzi mwa magawo asanu lotayika, dengalo lingapereke malita 384,000. Koma mvulayo imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, pomwe munda sufuna kuthirira. Kuti malita 900 pa tsiku afike miyezi 6 yachilimwe pangafunike kusunga 162,000, mathanki opitirira 16 a malita 10,000. M'malo mwake tinaika thanki imodzi ya 10,000 pa denga la masikweya mita 120 loyandikana ndi pochapira. Mvula ya mamilimita 20 imathiramo malita pafupifupi 1,900, ochapira masiku atatu, ndipo madzi a mvula amachita thovu ndi sopo wochepa. Madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi pa denga amayamba adzaza chigubu cha malita 60 chokhala ndi kabowo kakang'ono pansi, kenaka oyera amadutsa kupita mu thanki. Ena amaika chidutswa cha paipi ya mamilimita 110 chotalika mita imodzi n'kumati zatheka, koma chimenecho chimasunga malita 8 kapena 9 okha, osakwanira denga lotere.

Zomwe zinatsatira

Kuyeza thanki yam'mwamba titamaliza kukonza kunaonetsa kutsika kosakwana masentimita awiri m'maola anayi. Bilu ya Novembala inabwera ndi makiyubiki 124, ya Disembala, munda utasiya kuthiriridwa ndipo pochapira pakumwa madzi a mvula, 88. Thanki yam'mwamba inayambanso kufika tsiku lonse magetsi kulibe.

Tinasiya kabuku pa geti. Mlonda amalemba manambala a mita 6 koloko m'mawa uliwonse, wa pa risepushoni amalemba pambali chiwerengero cha alendo, ndipo amayi oyang'anira amaona Lolemba lililonse. Chifukwa cha mathanki nambala ya tsiku limodzi imalumphalumpha, ndiye tinawauza kuti aziyang'ana masiku atatu pamodzi.

Mu Januwale 2025 kabukuka kanaonetsa kukwera kuchoka pa makiyubiki atatu pa tsiku kufika pa anayi ndi theka, alendo asanachuluke. Sabata yomweyo mlonda anaona simenti ya pafupi ndi kanyumba kake itanyowa m'bandakucha usiku womwe kunalibe mvula. Titamasula ball valve yatsopano ija tinapeza timiyala ndi mchenga zitakhala pakamwa pake. M'nyengo ya mvula, komanso paliponse pomwe madzi amapita ndi kubwera, zinyalala za m'mapaipi zimakokoloka n'kukaima pa valavu yoyamba yomwe zakumana nayo. Tinaika Y-strainer, sefa ya m'paipi yogwira zinyalala, ya mamilimita 32 pakati pa mita ndi thanki, pamalo ofikika ndi sipanala, ndi valavu kutsogolo kwake kuti azitha kutsuka kansefa kamodzi pa mwezi. Pa malo aliwonse olandira madzi modukizaduka, strainer iyenera kulowa tsiku lomwelo ndi valavu yatsopano.

Ulendo womwewo tinayezanso zimbudzi ndi mtundu. Zonse zinali bwino, koma m'mathanki atatu timiyala tabuluu tinali titabwerera. Wokonza m'zipinda watsopano sanauzidwe, ndipo katoni yake inali ikadali m'sitolo. Inachotsedwa, m'malo mwake anagula tonunkhiritsa tokoleka m'mphepete mwa mbale, tomwe sitikhudza labala. Valavu ya ku holo inapezeka yotsegula patapita masiku anayi msonkhano utatha. Kiyi wa holo tsopano amamangiriridwa ku kachikwangwani kokumbutsa, ndipo ngati zipitirira padzafunika valavu yoyendera batire yotseka yokha.

Sabata ya Nc'wala, mwambo wa Angoni, kumapeto kwa Febuluwale, pomwe anthu opita ku Mtenguleni amadzaza malo onse ogona m'tawuni, zipinda zonse 14 zinali ndi anthu awiriawiri ndipo holo inkagwira ntchito. Kabuku kanaonetsa makiyubiki pakati pa 6 ndi 7 pa tsiku, ndipo thanki yam'mwamba sinaume. Nkhani ya borehole abwana anaiimika mpaka adzaone mabilu a Sepitembala ndi Okutobala, ndipo ndalama zina zomwe anasungira kubowola anagulira mapanelo a sola oyendetsa pampu yokweza madzi.